Feira ya ku Maputo ndi Ife a m'Mbali mwa Nyanja

Caka cili conse, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, wailesi imayamba kulankhula za FACIM. Timamva kuti cionetsero catsegulidwa, kuti maiko akutiakuti abwera ndi katundu wao, kuti cigawo cathu ca Niassa naco cakonza malo ake oonetserapo zinthu. Ambiri a ife kuno ku Lago timangomva ndi makutu, monga mmene munthu amamvera ng'oma ya ku tsidya. Ulendo wake si wamasewera. Kucokera ku Mtengula kukwera phiri mpaka ku Lichinga ndi makilomita oposa 100, ndipo kucokera ku Lichinga kukafika ku Maputo ndi oposa 2000. Komabe cionetsero cimeneci cili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikutikhudza ife a m'mbali mwa nyanja. Tiyeni tilowe pa cipata cake tione zili m'katimo, kenaka tibwerere m'mbuyo ndi funso limodzi: pa zinthu zonse zoonetsedwazo, dzina la amene analima lili pati?

Tilowe pa cipata

FACIM ndi cidule ca mau a Cipwitikizi akuti Feira Agro-Pecuária, Comercial e Industrial de Moçambique, ndiye kuti cionetsero ca zaulimi, ziweto, malonda ndi mafakitale. Kuyambira 1964 cinkacitikira m'kati mwa mzinda, pafupi ndi doko. Mu 2011 anacisamutsira ku Ricatla, m'boma la Marracuene, kumpoto kwa Maputo. Cimatenga sabata imodzi. Mu 2020 sicinacitike cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo ca mu 2025 cinali ca nambala 60.

Munthu wa kumudzi akalowa, miyendo imam'tengera yokha ku makola. Kumeneko ndi kumene amaphunzira kuti ng'ombe si mtundu umodzi. Dziko lathu lili ndi ng'ombe zochedwa Landim, za kum'mwera, zazing'ono thupi koma zopirira dzuwa. Lili ndi za Angone, za linunda pamsana, zocokera ku mapiri a Angónia m'cigawo ca Tete. Ndiye pali zija za m'mafamu akuluakulu, monga Brahman, zoyera, za makutu olendewera, zimene munthu ukaima pambali pake umadziona ngati mwana. Eni ake amazisambitsa, kuzipesa, n'kuziimika kuti anthu aone msana, miyendo ndi cifuwa. Wa kwathu amene anazolowera mbuzi ziwiri zomangidwa pa mtengo wa mango amangoti, "Aaa, koma abale, zonsezi n'za munthu mmodzi?"

Ukacoka ku makola, fungo limakuitana. Cigawo cili conse cili ndi cakudya cimene cimachuka naco. A ku Zambézia ali ndi nkhuku yoocha yonyika mu mkaka wa kokonati, ndi mucapata, wophika ndi mpunga, nyemba zazing'ono ndi kokonati. A ku Tete ali ndi nyama ya mbuzi, kapenta ndi nsomba youma ya chicoa zocokera ku Cahora Bassa. A kum'mwera amanyadira matapa. Dzina lacilendo, mtengo wakenso wa m'tauni, koma ukalawa umaseka wekha: si cigwada ici? Ndi masamba omwewo a cinangwa amene amai athu amasinja mu mtondo, kungoti kumeneko amathira nsinjiro ndi kokonati, nthawi zina ndi nkhanu. Paja akulu anati mwana wosayenda amayesa amai ake okha ndiwo odziwa kuphika. Kuyenda kumaphunzitsanso zina: kuti cimene timaciyesa ndiwo ya umphawi, ena amacilemba pa cikwangwani n'kucigulitsa kwa alendo.

Niassa amadziwika ndi nyemba ndi mbatata ya kacewere za ku mapiri a Lichinga, ndi thonje, fodya ndi soya za ku mbali ya Cuamba. Koma werengani timapepala toikidwa pa matumba ndi m'mabotolo m'zionetsero zotere. Kawirikawiri mupezapo dzina la kampani, la bungwe kapena la ofesi ya boma. La mai amene anaweramira khasu silipezeka. Zimenezi sizinayambe lero, ndipo kuti timvetse bwino tiyambire pa liu lenilenilo.

Liu lakuti feira

Feira ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika waukulu wa pa nyengo yake. Kale kwambiri Apwitikizi ankakhazika mafeira m'cigwa ca Zambezi ndi kum'mwera kwake. Imodzi yochuka inali ya ku Zumbo, pa mathiriro a Luangwa, imene inayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700. Tauni ya ku tsidya lake, imene lero ndi Luangwa m'dziko la Zambia, inkachedwa Feira mpaka 1964. Pa mafeira amenewo nsalu ndi mikanda zinkasinthidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu, ndipo m'kupita kwa nthawi zinasinthidwanso ndi anthu.

Kuno ku nyanja kunalibe feira ya Apwitikizi, koma malonda omwewo analipo. M'zaka za m'ma 1800 zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nyanja kudzakoceza ku Losewa, ku tsidya lino, ndipo kucokera kumeneko njira inkakwera ku Mwembe kwa Mataka n'kutsikira ku Kilwa. Pambali pa malonda oopsawo panali msika wina wa anthu wamba, umene sunalembedwe m'mabuku a amalonda: a kunyanja kupereka nsomba zouma, a kumapiri kupereka cimanga, nyemba ndi makasu osula. Msika umenewu sunafe. Aliyense amene waona matumba a usipa akukwera galimoto ya ku Lichinga, ndi matumba a cimanga akutsika, waona msika wa makolo athu.

Ng'ombe zathu zinapita kuti?

Ana a masiku ano akhoza kuganiza kuti a Nyanja sanawetepo ng'ombe. Koma pali umboni wina. Mu Julayi 1866 David Livingstone anafika ku Mwembe, asanatsikire ku nyanja mu Ogasiti. Analemba kuti anthu a Mataka anali atafunkha mudzi wa anthu a kunyanja, ndipo Mataka analamula kuti zofunkhazo zibwezedwe. Livingstone anaona akazi ndi ana akubwezedwa kwao pamodzi ndi ng'ombe ngati 30. Ndiye kuti m'midzi ina ya makolo athu munali makola.

Zinthu zitatu zinagwetsa makolawo. Coyamba ndi nkhondo. Angoni a kumpoto, amene makolo ankawachula Magwangwara, ankatsika kudzafunkha, ndipo ng'ombe ndiyo inali yoyamba kutengedwa. Anthu anaunjikana m'malinga a m'mphepete mwa madzi, monga ku Msumba, ena m'mabango, ena pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Munthu wothawa pa bwato angakweze mbuzi ndi nkhuku, koma ng'ombe iai. Caciwiri ndi mliri wa ng'ombe umene unasesa Afrika m'zaka za m'ma 1890, kucokera ku Eritrea mpaka ku South Africa, n'kupha ng'ombe zambirimbiri ndi nyama za m'chire monga njati. Cacitatu ndi kashembe. Anthu akasiya minda, chire limabwerera, ndipo m'chiremo kashembe amaswana. Ng'ombe ikalumidwa imaonda mpaka kufa.

Mavuto omwewo ndi amene anakweza cinangwa. Cimanga cikakhwima ciyenera kukololedwa n'kuikidwa m'nkhokwe, ndipo nkhokwe ndi yosavuta kuocha. Cinangwa cimadikira pansi. Cimamera pa mcenga, sicidandaula mvula ikadukiza, ndipo mwini wake akhoza kuthawa n'kudzacipeza caka camawa. Nsima ya cinangwa ndi usipa si cakudya ca anthu aulesi, monga amanenera ena onyoza. Ndi nzeru ya anthu amene anaona nkhokwe zikupsa.

Nthawi ya Kampani ndi thonje

Mu 1891 boma la Portugal linapereka dziko lonse la pakati pa nyanja yathu ndi nyanja yamcere, kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio, kwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inalamulira mpaka 1929, ndipo ku Mtengula inali ndi posito yake. Sinabweretse ulimi watsopano. Cuma cake cinali msonkho wa nyumba ndi thukuta la anthu. Asipayi akafika m'mudzi, wopanda ndalama ankatengedwa ku cibalo. Mabanja ambiri anaolokera ku Likoma, ku Nyasaland ndi ku Tanganyika, ndipo n'cifukwa cake mpaka lero tili ndi abale mbali zonse za nyanja.

Kampani itacoka, boma linasamutsira likulu la Niassa ku mapiri, ku Vila Cabral, imene inakhazikitsidwa mu 1931 ndipo lero ndi Lichinga. Kuyambira 1938 mpaka 1961 anthu ambiri a kumpoto kwa Mozambique anakakamizidwa kulima thonje. Pa msika wa thonje wogula anali mmodzi yekha. Iye ndiye ankaika mtengo, iye ndiye ankanena kuti thonje ili ndi loyamba kapena laciwiri, iyenso ndiye ankawerenga sikelo. Mlimi wosadziwa manambala ankangoyang'ana singano ikugwedezeka, n'kulandira zimene wapatsidwa. Nthawi imene inapita ku thonje inacotsedwa ku munda wa cakudya, ndipo njala inalowa m'nyumba zambiri.

Pa nthawi yomweyo zionetsero zinkacitika. Mu 1934 ku Porto, ku Portugal, kunali cionetsero cacikulu ca maiko olamulidwa ndi Apwitikizi. Anaonetsa zokolola za ku Afrika, koma sanalekere pomwepo. Anatenganso anthu ku Guiné, ku Angola, ku Mozambique ndi kwina, n'kuwamangira timidzi tongoyerekeza m'munda wa maluwa kuti Azungu aziwaonerera. Taganizani, abale. Mlimi wa ku Afrika anafika ku cionetsero, inde, koma osati ngati mwini katundu. Anafika ngati cinthu coonetsedwa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Caka ca 1964

FACIM yoyamba inatsegulidwa pa 24 Julayi 1964 ku Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Colinga cinali kuonetsa dziko lonse kuti Mozambique ali pa mtendere ndipo akutukuka pansi pa mbendera ya Portugal. Patangopita miyezi iwiri, pa 25 Sepitembala, nkhondo yomenyera ufulu inayamba. Mabuku a sukulu amachula Chai, ku Cabo Delgado, koma masiku omwewo mfuti zinaliranso kwathu kuno, ku Kobwe. Cionetsero ndi nkhondo ndi mapasa a caka cimodzi.

Zaka khumi zotsatira, pamene ku Lourenço Marques ng'ombe zonenepa zinkayenda pamaso pa akuluakulu, kuno midzi inkatha. Mtengula, imene Apwitikizi anaicha Augusto Cardoso, inasanduka doko la zombo za nkhondo. Anthu zikwizikwi anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ena analowa m'mapiri, ndipo otsala anaunjikidwa m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamento, kutali ndi minda yao. Sitima ya pamtunda inafika ku Vila Cabral mu 1969, koma mlimi wa ku Lago analibe coti akwezemo.

Ufulu, mafamu a boma ndi nkhondo ina

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo FACIM inapitirira pansi pa mbendera yatsopano. Boma linaona Niassa ngati nkhokwe ya mtsogolo: dziko lalikulu, mvula yokwanira, anthu ocepa. Linaika mphamvu ndi mathirakitala ku mafamu a boma, monga Matama pafupi ndi Lichinga ndi Unango. Mu 1983, pa nchito imene anaicha Operação Produção, anthu zikwizikwi anatengedwa m'mizinda n'kutumizidwa kuno kuti adzalime, ambiri a iwo asanagwirepo khasu. Maganizo anali akuti cuma cidzacokera ku munda waukulu. Kamunda ka banja, kamene kankadyetsa pafupifupi aliyense, kanaikidwanso kumbuyo.

Kenaka inafika nkhondo ya zaka 16. Mafamu aja anasiyidwa, misewu inatsekeka, ndipo anthu a ku Lago anakweranso mabwato monga anacitira agogo ao. Ziweto za dziko lonse zinatha moopsa. Ufulu usanabwere Mozambique anali ndi ng'ombe pafupifupi 1,400,000. Pamene mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, zotsala sizinkakwana 300,000. Ng'ombe zimene mlendo amaona ku Ricatla lero ndi zidzukulu za zopulumuka zija ndi za zina zimene zinagulidwa ku maiko oyandikana nafe pobwezeretsa makola.

Othawa atabwerera mu 1993 ndi 1994, mabungwe othandiza anagawa makasu, zikwanje ndi mbeu za cimanga. Koma mitengo ya cinangwa yobzala, mbuzi yaikazi yobwereka, nkhuku ya thadzi yoyambira khola, zimenezi zinayenda kucokera pa khomo kupita pa khomo, mbale kupatsa mbale. Palibe cionetsero cimene cinapereka mphoto pa nchito imeneyo, cikhalireco ndiyo inadzutsa midzi yathu.

Zimene zasintha

Tisakane, zina zasintha. Madzi osefukira a 2000 ndi 2001 atapita, m'madera ena a dziko lino munayamba mafeira ang'onoang'ono a mbeu, kumene mlimi amasankha yekha mbeu imene akufuna m'malo molandira thumba lomangidwa kale, ndipo alimi anzake amaloledwa kugulitsa mbeu zao za makolo. Akatswiri nao anayamba kuyang'ana zinthu za pakhomo. Katemera wa citopa wochedwa I-2, amene amapangidwa m'dziko mwathu momuno, ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pa caka: Malici, Julayi ndi Novembala. Mbatata ya kholowa yofiira m'kati, yokhala ndi vitamini A amene amateteza maso a ana, inafalitsidwa kwambiri kuno, ndipo Maria Andrade, amene anagwira nchitoyo ku Mozambique kwa zaka zambiri, analandira nao mphoto ya World Food Prize mu 2016. Caka comweco njanji ya Cuamba mpaka Lichinga inatsegulidwanso itakonzedwa. Mu 2011 boma linalengeza mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, kuvomereza kuti cambo, usipa, utaka, kampango ndi mpasa ndi cuma ca dziko.

Nkhuku, mbatata, nsomba: zimenezi ndi zinthu zathu, za ife eni ake. Koma tikapanda kusamala, nkhani yakale ija ibwereranso. Usipa wa ku Ngoo kapena ku Meluluca ukafika kutali umangochedwa nsomba ya ku Niassa. Amene anapalasa bwato usiku wonse ndi cilimila, ndi mai amene anauyanika pa thandala, maina ao amatsala pa mcenga. Wogula amabwera ndi ndowa yake, amanena mtengo wake, ndipo amene sadziwa kuti ku Lichinga ndowa yomweyo ikugulidwa bwanji amavomera. Sikelo ya thonje ija sinapite kutali, yangosintha maonekedwe.

Nchito ya ife ophunzira kulemba

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa mphasa ya kalasi lathu. Ambiri a ife mwina sitidzaponda ku Ricatla, koma feira ya pa boma kapena ya pa tsiku la cikondwerero tingaifike. Tikapitako ndi dengu la cinangwa, mbuzi kapena lichero la usipa, tisaliike pansi lopanda kapepala. Tilembe ndi dzanja lathu, m'Cinyanja cathu: dzina la mlimi, mudzi wake, dzina la mbeuyo monga timaichulira kuno, miyezi imene imatenga kuti ikhwime, ngati ndi yowawa kapena yozuna. Mlendo wa ku ofesi akafuna kunyamula dengulo kupita nalo ku Lichinga kapena ku Maputo, timupemphe mwaulemu kuti kapepalako kapite nao.

Tiphunzire kuwerenga sikelo ndi kulemba mitengo m'kope: tsiku lakuti, ndowa zakuti, meticais akuti. Alimi khumi akaika makope ao pamodzi, wogula sanganenenso kuti mtengo ndi womwewo kulikonse.

Ndipo tipite kwa agogo athu akadali moyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiwafunse maina a mitundu ya cinangwa imene ankabzala nkhondo isanafike, ndi imene inatayika. Tiwafunse kumene kunali makola a ng'ombe, kumene ankasula makasu, mmene ankaumbira nkhungu zikatuluka pa nyanja ngati utsi, ndi njira imene ankadzera posenza nsomba kupita ku mapiri. Gulu lili lonse, kuyambira ku Kobwe mpaka ku Meluluca, lilembe zimene lamva n'kuzitumiza kuno, ndipo dzina la wofotokoza ndi mudzi wake zilembedwe pamwamba pa tsamba.